Kashopo ka makompyuta ka ku Down Shops, komwe anandipezera chimene chinkagwetsa skrini

Ndakhala ndikunena kuti ndilemba za kashopo aka koma ulesi, ndiye lero malaiti alipo ndati ndilembe asanapite. Ine ntchito yanga ndi yojambula maukwati ndi ma kitchen party muno mu Chipata, nthawi zina mpaka ku Katete ndi ku Chadiza, ndikabwerako ndimakhala pansi kudula mavidiyo ndi kupanga maposta, ndipo zonsezi ndimachitira pa kompyuta imodzi yaikulu, ija amati workstation, yomwe ndinagula ku Lusaka itagwirapo kale ntchito mu ofesi ya ena, salaula ya makompyuta tinene choncho. Mkati muli khadi ya zithunzi ya NVIDIA Quadro K4000, yakale ndithu, ya mu 2013, ya 3 GB, koma pa ntchito yanga imakoka bwinobwino. M'malo mwa Windows ndimagwiritsa Ubuntu 22.04, womwe ndi mtundu wa Linux, mavidiyo ndimadula ndi Kdenlive, maposta ndi Inkscape, chifukwa za malayisensi olipira mwezi ndi mwezi m'madola ine sindingakwanitse.

Vuto linayamba mu Okutobala 2024, nthawi ija ya dzuwa loswa mtengo, komanso chaka chija madzi anachepa ku Kariba malaiti ankabwera ngati mlendo. Ndiye taganizani, mwadikira tsiku lonse, malaiti abwera usiku, mwayatsa makina, mwadula vidiyo ya ukwati kufika pomwe mkwatibwi akulowa mu holo, kenako skrini phi, yakuda, masekondi angapo, basi yabwereranso pamalo polembera pasiwedi ngati kuti mwangoyatsa kumene. Mukalowa mupeza Kdenlive kulibe, Firefox kulibe, nyimbo zasiya, zonse zapita. Makinawo sanazime ayi, mafani akuzungulira, koma zonse zomwe zinali pa skrini zafa. Tsiku lina zinachitika kanayi usiku umodzi. Ndiye panali kachitidwe kena kachiwiri komwe kanali koipa kuposa apa, skrini imangouma, mausi osasuntha, kiyibodi osayankha, mpaka ndigwire batani lozimitsira. Ine ndinkaona ngati ndi matenda amodzi, kumeneko ndiye kunali kulakwa kwanga koyamba.

Ndisanafike pa kashopo ndikukamba aka ndinapita kaye kwina, sinditchula, munthuyo sanaone n'komwe chilichonse, anangomva kuti skrini ikuda n'kunena kuti ndi vairasi, ati tichite fomati. Ndinakana Windows, ndiye anandiikiranso Ubuntu yemweyo, n'kutenga draiva, pulogalamu yoyendetsa khadi ya zithunzi ija, pa intaneti, fayilo ija yothera ndi .run, n'kuiika pamanja. Sabata imodzi zinakhala ngati zili bwino, kenako zinabwerera, zoonjeza. Ndalama yapita, ma fonti anga onse omwe ndinatolera zaka zitatu apita, vuto lili pomwepo.

Amene anandilozera kwa mnyamata wa kashopo aka ndi mlamu wanga, amagwira ntchito ya mamapu a minda, amagwiritsa QGIS, ati pali mnyamata ku Down Shops amene Linux samaithawa. Kashopoko n'kakang'ono, kulibe ngakhale chikwangwani chooneka bwino, muyenera kulowa kanjira ka pakati pa mashopo a nsalu, ndipo mkati anthu atatu simungaime bwino, mamonita akale aunjikidwa mpaka kudenga, pakona pali batire ya sola ndi inveta. Ndinanyamula chimakinacho pa takisi chifukwa pa njinga sichikanatheka, n'cholemera ngati thumba la chimanga losadzaza.

Chinthu choyamba chimene chinandidabwitsa n'chakuti sanagwire sikuludiraiva. Anandipatsa kampando n'kuyamba mafunso ngati ku chipatala. Akulu, ikagwa imabwerera pa login kapena imauma? Ndinati zonse ziwiri. Anati ayi, tisiyanitse, ndi liti imabwerera ndipo ndi liti imauma. Nditaganiza bwino ndinaona kuti kubwerera pa login kumachitika nthawi iliyonse, ngakhale m'mawa kukuzizira, makamaka ndikatsegula chinthu chofuna khadi ya zithunzi, koma kuuma kuja kumabwera ndikamatulutsa vidiyo yaitali, makina atagwira ntchito ola kapena kuposa. Anangogwedeza mutu n'kuti, ndiye kuti mwina tili ndi akuba awiri, osati mmodzi.

Apa ndi pomwe anandifotokozera chinthu chomwe zaka zonsezi ndinkagwiritsa ntchito osachidziwa. Pa Linux, ati, pali pulogalamu imodzi imene imagwira skrini, mausi ndi kiyibodi, ndipo mapulogalamu ena onse sajambula okha, amapempha iyoyo. Yakale ndi Xorg, yochokera ku X11 ya mu 1987, yatsopano ndi Wayland. Ndiye Xorg ikagwa, onse amene anali atagwira chingwe chake amagwa nayo limodzi, n'chifukwa chake Kdenlive ndi Firefox zimasowa nthawi imodzi pomwe makina ali moyo, kenako GDM, kaja kamene kamakufunsani pasiwedi, kamadzutsa ina yatsopano. Anati zili ngati minibasi ya ku Mwami yafera panjira, okwera onse atsika, koma msewu ulipo ndipo ina ibwera. Ndinaseka koma ndinamva. Anandiuzanso kuti Ubuntu 22.04 pa makina ambiri imayamba ndi Wayland, koma pa makadi a NVIDIA okhala ndi draiva ya kampaniyo imakonda kukhala pa Xorg, ndipo analemba echo $XDG_SESSION_TYPE kuti atsimikize, inayankha x11.

Kenako anayamba kuwerenga. Apa ndiye ndikufuna ndikhalitsepo chifukwa ndi chimene ndinalipirira, ndipo ndi chimene chimamusiyanitsa ndi ena onse amene ndapitako. Anati Xorg imalemba buku lake, limapezeka pa /var/log/Xorg.0.log kapena mu foda yanu yobisika .local/share/xorg, kutengera mmene yayambira, ndipo chinsinsi n'chakuti ikagwa n'kudzukanso imayamba buku latsopano, ndiye ngati mukufuna kuona imfa yake muyang'ane lija lothera ndi .old. Ine ndikanatsegula latsopanolo n'kuona zonse zili bwino n'kumadabwa. M'bukumo mizere yoyamba ndi EE ndiye zolakwika zenizeni, ya WW ndi machenjezo chabe, ambiri alibe ntchito. Anasefa ya EE yokha, ndipo kumapeto kwa fayilo kunali mndandanda uja amati backtrace, ndi mawu oti Segmentation fault, ndipo m'mizere ya pamwamba pake munkaoneka mafayilo a draiva ya khadi. Anandilozera ndi chala pa galasi, chala chake chili ndi kabala kopsa powotcherera mawaya, akuti onani akulu, wafera m'nyumba ya ndani.

Atatero analemba nvidia-smi, ndipo m'malo motulutsa tebulo la kutentha ndi memore inangoti Driver/library version mismatch. Anaseka pang'ono n'kufunsa, ndani anakuikirani draiva? Nditamuuza za fayilo ya .run ija sananyoze mnzakeyo, ichi ndinachikonda, anangofotokoza kuti pa makinawo panali madraiva awiri osanjikizana, ina yoikidwa pamanja ina yochokera ku mapaketi a Ubuntu, ndiye ma apudeti akabwera amasintha mafayilo ena n'kusiya ena, mapeto ake chidutswa chomwe chili mu kernel, mtima wa Linux, ndi cha nambala ina, malaibulale a nambala ina, sizikumvana. Panalinso fayilo ya xorg.conf mu /etc/X11 yomwe inatsala kuchokera kwa woyamba uja, iye sanaifufute, anangoisintha dzina kuti ikafunika ibwerere.

Kukonza kwake sikunatenge nthawi. Anadina Ctrl Alt F3 kulowa pa skrini yakuda ya malemba okhaokha, anachotsa ya pamanja ija ndi nvidia-uninstall, anachotsanso mapaketi onse a nvidia ndi apt purge, kenako ubuntu-drivers devices kuti aone imene ikuyenera khadi yanga. Apa anandichenjeza chinthu chomwe ndikufuna aliyense wa makadi akale amve. K4000 ndi ya m'badwo wa Kepler, ndipo madraiva omaliza odziwa Kepler ndi a nambala 470, ndiye osatengeka ndi nambala yaikulu poganiza kuti yatsopano ndiye yabwino, mukaika ya pamwamba pa 470 khadiyo siidziwika n'komwe. Anaika nvidia-driver-470 kuchokera ku Ubuntu komweko, n'kuonetsetsa ndi dkms status kuti chidutswa cha mu kernel chamangidwa, kuti kernel ikadzasintha chidzamangidwenso chokha. Bandulo inali yanga, ndinachita hotspot pa foni, chifukwa intaneti ya pashopo tsiku limenelo inali itatha, ichi ndichiwerengera ku mbali ya zodandaula.

Ine apa ndinali nditaimirira kale kufuna kulipira ndizipita, ukwati wa anthu unali kundidikira ndipo amake mkwatibwi anali atayamba kale kuimba foni m'mawa uliwonse. Iye anati ayi akulu, wakuba wachiwiri sitinamugwire. Analemba journalctl -k -b -1, kutanthauza mauthenga a kernel a ulendo wapitawo makina asanazimitsidwe, anabwerera m'mbuyo maulendo angapo, -2, -3, mpaka anapeza usiku womwe inauma, ndipo pafupi ndi mapeto panali mzere wa NVRM, kutanthauza wochokera ku draiva ya NVIDIA, wokhala ndi nambala ya vuto Xid 79, GPU has fallen off the bus. Anati mawu amenewa akutanthauza kuti makina anaitana khadi, khadi osayankha, ngati yazulidwa ili moyo, ndipo kawirikawiri zimenezi si nkhani ya pulogalamu, ndi kutentha, kapena magetsi osakwana, kapena khadi siinakhale bwino pa mpando wake. Fomati ungachite kakhumi, izi sizingachoke.

Apa ndi pomwe anatsegula chivundikiro, ndipo manyazi anandigwira. Ine ndimakhala ku Kapata, msewu wa fumbi uli pakhomo penipeni, windo ndimatsegula chifukwa cha kutentha, ndipo makinawo ndinali ndisanawatsegulepo chigulireni. Fani ya khadi inali ndi chinthu ngati bulangete lofiirira, fumbi losakanikirana ndi ulusi, ataikankha ndi chala inkazungulira monyinyirika. Asanapukute anafuna ndione ndi maso, anayatsa makina, n'kuika nvidia-smi kuti izibwereza yokha, n'kuyamba kutulutsa vidiyo yanga yomwe ija, nambala ya kutentha inkangokwera, 80, 85, kudutsa 90, iye n'kuimitsa. Anachotsa khadi, anapemerera fumbi panja ndi kabulowa atagwira fani ndi chala kuti isazungulire mopenga, anamasula chozizitsira, phala lija amapaka pakati pa khadi ndi chozizitsiracho kuti kutentha kuzituluka linali litauma ngati dothi la m'dambo mu Okutobala, likuchita kusweka, anapukuta ndi spiriti n'kupaka latsopano kadontho kochepa. Ndiye kachingwe ka magetsi ka mapini 6 kolowa kumbuyo kwa khadi kanali kosalowa mpaka kumapeto, kakabowo kosagwira, mwina kuyambira ulendo wa pa basi kuchokera ku Lusaka, makilomita oposa 500 a Great East Road si masewera. Anakakankha mpaka kanalira kuti thwa. Titabwereza vidiyo yomweyo kutentha kunakhazikika m'ma 70 osapitirira.

Anapempha kuti makina agone pashopo kuti ayeze memore ndi memtest86+ usiku wonse, ati memore yowonongeka nayonso imagwetsa Xorg mwa apo ndi apo ndipo munthu ungamanamizire draiva. Apa ndiye panabwera zomwe sizinandisangalatse. Anati ndibwere mawa 10 koloko. Ndinafika, shopo yotseka. Foni ikulira osayankha, WhatsApp tiki imodzi. Ndinakhala pa benchi ya telala woyandikana naye pafupifupi maola awiri, telalayo n'kumandiuza kuti amatero, akapita kukakonza ma printa m'maofesi sabwera msanga. Atafika anapepesa, n'kunena kuti malaiti anapita pakati pa usiku, batire yake siinapirire, mayeso anaduka, ndiye ayambirenso. Zoti malaiti anapita si mlandu wake, tonse tikudziwa mmene chaka chimenecho chinalili, koma kameseji kamodzi chabe kakanandipulumutsa ndalama ya takisi ndi theka la tsiku. Makina ndinatenga tsiku lachitatu. Memore inapezeka yabwino.

Za mtengo, anandilipiritsa K400 zonse pamodzi ndi phala lomwe, ndinalipira pa Airtel Money. Ena anganene kuti yachuluka poti sanasinthe chipangizo chilichonse, mlamu wanga yemwe anati kupukuta fumbi mpaka K400, koma woyamba uja ndinamupatsa K250 kuti andifufutire zinthu zanga, ndipo ndinali nditayamba kale kufunsa mitengo ya khadi ina ku Lusaka, yomwe ikanandidya kangapo kuposa apa n'kupeza kuti vuto la draiva likadalipo. Lisiti analibe, anachita kundilembera pa pepala la m'kope nditaumirira, ndiye ngati ndinu a ofesi ofuna mapepala oti mukabwezeredwe ndalama mukambirane zimenezi poyamba. Komanso dziwani kuti mnyamatayu ndi wosalankhulalankhula, ngati simufunsa angokonza n'kukupatsani, ine ndinamva zonsezi chifukwa ndine wa mafunso ndipo ndinakhala pambali pake tsiku lonse loyamba. Mukafunsa amayankha mosakuchititsani manyazi, Chinyanja chomveka, mawu a Chingerezi okhawo amene alibe kuchitira mwina.

Pa pepala lomwelo la lisiti kumbuyo anandilembera zoti ndizichita ikadzagwanso, ndipo ndalimata pakhoma pamwamba pa monita. Ikauma ndisathamangire batani, ndiyese kaye Ctrl Alt F3, ngati skrini ya malemba yabwera ndiye kuti makina ali moyo, yafa ndi mbali ya zithunzi yokha, ndingalowe n'kukopera buku la Xorg lija pambali lisanalembedwenso. Ngati siikubwera, anandiikira openssh-server kuti ndizitha kulowa kuchokera pa laputopu ya mwana wanga ndi kuona mauthenga a kernel ndi dmesg makinawo ali chiumire. Anandionetsanso kagiya kakang'ono pakona ya skrini ya login kosankhira pakati pa Xorg ndi Wayland pamene zonse ziwiri zilipo, koma anati ndi khadi yanga ndi draiva ya 470 ndikhale pa Xorg, ndisavutike. Ndinamufunsa za nouveau, draiva yaulere ija imabwera kale mu Ubuntu, anati ndi yabwino poyezera, ngati mukukayikira draiva ya kampani mutha kubwerera ku nouveau n'kuona ngati kugwa kwasiya, koma pa ntchito ya mavidiyo ndidzaona kuchedwa. Ndipo anati ndilembe nthawi yeniyeni imene yagwa, ola ndi mphindi, chifukwa journalctl ili ndi mizere masauzande ndipo kusaka popanda nthawi n'kutaya tsiku.

Chimodzi chomwe sindinagwirizane naye ndi nkhani ya UPS, bokosi la batire losunga makina oyaka kwa kanthawi malaiti akapita. Iye anaumirira kuti ndigule yaikulu, ati kuzima kwadzidzidzi ndi kubwera kwa malaiti mwamphamvu kumafooketsa power supply, kabokosi kogawa magetsi mkati mwa makina, pang'onopang'ono, ndipo power supply yofooka ingadzabweretsenso Xid 79 yemweyo ngakhale khadi ili yoyera. Zoona zake ndikuzimva, koma mtengo wa UPS yoti inyamule chimakina ngati ichi pamodzi ndi monita si wa munthu wodikira ma balansi a maukwati, ndiye pakali pano ndinagula ka surge protector chabe ndipo ndimazula pulagi malaiti akapita. Anandiyang'ana ngati sing'anga amene wodwala wakana mankhwala, koma sanakakamize, ndipo sanayese kundigulitsa yake, alibe n'komwe zogulitsa kupatula timawaya ndi ma flash.

Kuchokera nthawi imeneyo makina agwira maukwati a Disembala onse, agwira mavidiyo omwe ndinajambula ku Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale, amene anali aatali kuposa a ukwati uliwonse, osauma ngakhale kamodzi. Kubwerera pa login kunachitikapo kamodzi kokha, ndipo ulendo umenewo ndinatsegula ndekha fayilo ya .old ija, mizere ya EE sinanene za draiva, ndinajambula skrini n'kumutumizira, anayankha tsiku lotsatira, mwachizolowezi chake, kuti nditsegule journalctl pa nthawi yomweyo, ndipo tinapeza kuti memore inadzaza chifukwa ndinatsegula Kdenlive, GIMP ndi matabu a Firefox osawerengeka nthawi imodzi, makina n'kuyamba kupha mapulogalamu kuti apume. Pa funso limenelo sanandilipiritse kanthu.

Ngati muli ndi makina a Linux kuno ku Eastern, kaya ndinu a mamapu, a ma studio, kaya a ma lab a sukulu, ndipo skrini ikukuchitani zomwe inkandichita ine, pitani naye mnyamatayu, funsani matelala a ku Down Shops za wa makompyuta amene amakonza Linux akulozerani. Pa zisanu ndimupatsa zinayi, imodzi ndachotsa chifukwa cha foni yosayankha ndi benchi ya telala ija. Mupite ndi bandulo yanu, musamuuze kuti mukufuna makina lero lomwe, ndipo musanapite tsegulani chivundikiro mupukuteko fumbi, kuti musakachite manyazi ngati ine. Makina anga pano ndinawachotsa pansi, ali pa tebulo kutali ndi windo, ndipo Loweruka loyamba la mwezi ndimawatulutsa pakhonde ndi kabulowa komwe ndinagula ku Saturday Market.